Batire likuwira, oyilo akutha msanga pa Corolla AE100: ndiyambire pati?

Wa_AE100_Salima

Moni akuluakulu. Ndikupempha nzeru kwa inu amene mumadziwa za magalimoto akale. Galimoto ndi Toyota Corolla AE100 ya 1994, injini 5A-FE, yayenda makilomita opitirira 280,000. Imagwira ntchito pakati pa Kamuzu Road ndi Senga Bay, mwa apo ndi apo imakwera ku Lilongwe.

Mavuto ndi awiri. Loyamba ndi batire. Madzi ake akuphwera msanga moti pakangotha sabata mapuleti amakhala atayamba kuonekera. Ukatsegula boneti galimoto itangoima umamva fungo la mazira oola, batire limakhala lotentha, m'mbali mwake mwayamba kufufuma, ndipo pa matemino pamatuwa. Mababu akutsogolo akungopsa. Batireli silinathe ndi chaka chomwe.

Lachiwiri ndi oyilo. Ndikathira mpaka pa F pa kachitsulo koyezera oyilo, pofika makilomita 700 kapena 800 amakhala watsika kufika pa L. Pomwe imagona sipaoneka madontho ambiri. Utsi wabuluu ndimauona m'mawa poliza, kenako umatha.

Ena akuti ndigule batire lalikulu, ena akuti alitaneta yonse, ena akuti injini iphwasulidwe basi. Kodi mavuto awiriwa akuchokera pamodzi? Ndiyambire pati kuti ndalama zisapite pachabe?

Wamagetsi_Kaphatenga

Achimwene, matenda ndi awiri osiyana, ndipo loopsa lero ndi la batire. Oyilo mutha kumathira uku mukufufuza, koma batire lowira limatulutsa mpweya wa haidirojeni womwe suchedwa kugwira moto. Kuthetheka kwa moto sipanala ikakhudza temino kapena ndudu pafupi, batire limaphulika n'kukuwazani asidi kumaso. Ulendo wa ku Lilongwe uyambe waima kaye, ndipo batire latsopano musagule lero. Mukaika batire lalikulu la N70 pa alitaneta yopereka moto wopitirira muyezo, nalonso liwira chimodzimodzi, lingochedwerako pang'ono.

Pezani multimeter, mita yoyezera magetsi, ngakhale yotchipa ya pamsika. Muyambe mwaiyesa pa galimoto ina yabwinobwino, chifukwa kabatire ka 9V ka m'kati mwake kakafooka, mita imaonetsa manambala okwera kuposa enieni ndipo anthu amachotsa alitaneta yosalakwa.

M'mawa musanalize, yezani pa mitu ya batire. Lodzaza limaonetsa 12.6V, la theka 12.2V. Mukapeza cha m'ma 10.5V, dziwani kuti chipinda chimodzi mwa zipinda 6 za batire chachita shoti. Apa pofunika kumvetsa bwino: batire lotere limawira ngakhale alitaneta ilibe mlandu. Moto wa 14.2V ukagawidwa ku zipinda 6, chilichonse chimalandira pafupifupi 2.37V, koma zikatsala 5 chilichonse chimalandira 2.84V, ndipo pamenepo madzi amawira basi. Komabe kupsa kwa mababu kukundiuza kuti pa inu moto wa galimoto yonse ndi umene wakwera, chifukwa chipinda chakufa sichipsereza babu.

Kenako lizani, muyendetse mphindi 20 kuti injini itenthe, muzimitse magetsi, wailesi ndi fani ya m'kati, wina agwire marevu pa 2,000 inu mukuyeza. Buku la Toyota la magalimoto a nthawi imeneyo limalola 13.9V mpaka 15.1V alitaneta ili yozizira pa 25°C, koma ikatentha imayenera kutsika kufika pakati pa 13.5V ndi 14.3V. Regyuleta, yomwe imalamulira kuchuluka kwa moto wa alitaneta, anaipanga dala kuti izitsitsa moto ikamatentha, chifukwa batire lotentha limayamba kuwira pa moto wochepa. N'chifukwa chake kuno kunyanja, makamaka mu Okutobala ndi Novembala, vuto laling'ono lomwe ku Dedza likanatha chaka osaoneka limaumitsa batire pa milungu yochepa. Mukaona 14.8V kapena kuposa injini ili yotentha, pali vuto. Mukaona nambala ikukwera limodzi ndi marevu, 15, 16, mpaka 17, ndiye kuti palibenso chimene chikudula moto.

Musathamangire kunena kuti regyuleta yafa musanayeze waya wa S. Kumbuyo kwa alitaneta kuli pulagi ya mawaya atatu: IG, L ndi S. Wa S ndi amene amauza regyuleta kuchuluka kwa moto womwe uli pa batire, ndipo pa ma Toyota ambiri a zaka zimenezo amadutsira pa fyuzi yolembedwa ALT-S m'kabokosi ka m'boneti. Fyuziyo ikachita dzimbiri, kapena wayayo akalumikizidwa mongopotokola n'kumata tepi, regyuleta imamva moto wochepa kuposa weniweni ndiye imangoonjezera. Pulagi ili m'malo mwake, lowetsani kapini kumbuyo kwa waya wa S, muyeze injini ikulira, dzanja ndi malaya zitalikire lamba. Ngati pa batire pali 15.6V koma pa S pali 14.3V, regyuleta ili moyo, wonama ndi waya. Ngati ponse pawiri pali 15.6V, regyuleta ikuona bwinobwino koma ikulephera kudula, yapita.

Ambiri amanena za earth, kulumikizana kwa negetivi ndi bodi ndi injini. Earth yoipa imakwezadi moto pa magalimoto akale kwambiri omwe regyuleta yake ndi kabokosi kapadera komangidwa pa bodi. Pa yanuyi regyuleta ili m'kati mwa alitaneta, ndiye earth yofooka imachititsa kuti batire lisadzaze, osati kuwira. Muiyezebe: pakati pa thupi la alitaneta ndi temino ya negetivi pasapitirire 0.2V magetsi ali oyaka.

Chimodzi chomwe ndikukupemphani kwambiri: musalole munthu kuzula temino injini ikulira ati pofuna kuona ngati alitaneta ikutchaja. Batire ndi limene limameza moto wodumpha. Mukalichotsa, motowo umakathera mu kompyuta ya injini ndi madayodi, ndipo pa alitaneta yomwe ikupereka kale 16V ndiye kuotcheratu zonse.

Makaniko_KK

Akulu a ku Kaphatenga anena zoona, batire liyambe. Ine ndilankhulepo za oyilo.

Kuchoka pa F kufika pa L pa injini imeneyi ndi pafupifupi lita imodzi. Lita pa makilomita 800 ndi wambiri ndithu, koma sizikutanthauza kuti maring'i a pisitoni atha. Oyilo ali ndi njira ziwiri zikuluzikulu zothawira: kudontha panja kapena kupsa m'kati. Ndipo muziyeza mofanana nthawi zonse, pamalo athyathyathya, patatha mphindi 5 mutazimitsa. Musapitirire pa F pothira, oyilo wochuluka amamenyedwa ndi crankshaft n'kuchita thovu, wina n'kukokedwa kukapsa.

Kusaona madontho pansi kusakunamizeni. Malo ena amatulutsa oyilo pokhapokha injini ikulira, mphepo n'kumamumwaza kunsi kwa galimoto, fumbi n'kumatirirapo. Tsukani injini yonse iume, muyende makilomita 30, ndiye muunike ndi tochi kuyambira pamwamba kutsika. Pa 5A-FE malo odziwika ndi gasiketi ya kavala ya pamwamba, kamphira kozungulira ka distributor komwe kamauma n'kumatsitsira oyilo pa giyabokosi, switch ya oyilo, ndi maselo (timphira totchinga oyilo) a camshaft ndi crankshaft kuseri kwa kavala ya timing belt. Mukapeza m'munsi mwa kavala ya lambayo muli monyowa, musazengereze, oyilo amafewetsa lamba mpaka mano ake kusosoka. Pakati pa injini ndi giyabokosi pakanyowa, yambani mwatsimikiza kuti sakuchokera pamwamba musanatsitse giyabokosi kufuna selo yakumbuyo.

Kachiwiri, kavavu ka PCV, kotulutsa mpweya wa m'munsi mwa injini. Kali pa kavala ya pamwamba, kali ndi kapaipi kopita ku manifold, mapaipi olowetsa mpweya m'masilinda. Kazuleni mukagwedeze, kabwino kamalira keche keche. Injini ili pa idle, mukatseka kukamwa kwake ndi chala muzimva kakuyamwa. Kakatsekeka ndi phala la oyilo, mpweya wa m'munsi mwa injini umasowa kotulukira ndipo umakankha oyilo pa selo ndi gasiketi iliyonse. Kakamatirira kotsegula, injini imayamwa nkhungu ya oyilo n'kumaotcha. Kanthu kakang'ono, kotchipa, koma injini zambiri zimaphwasulidwa chifukwa cha iko.

Tsopano utsi. Mwati wabuluu m'mawa kenako umatha. Chimenecho ndi chizindikiro cha timaselo ta mavavu. Tikauma, oyilo wotsala pamwamba amatsetsereka ndi mwendo wa vavu usiku wonse, mukaliza amapsa kamodzi. Kuti mutsimikize, isiyeni pa idle mphindi 10 itatentha, kenako pondani mafuta kamodzi mwamphamvu wina akuyang'ana ekizozi. Njira ina yabwino ndi mtsetse wautali, monga potsika kuchokera ku Mvera kubwera ku Salima: ikani giya 3, chotsani phazi pa mafuta, injini igwire yokha galimoto, ndipo pothera mtsetse pondani. Nthawi imene phazi lili pambali, manifold imayamwa kwambiri ndipo imakoka oyilo kudzera m'maselo otha. Chiutsi chikatuluka pamenepo n'kutha, ndi maselo. Koma utsi ukamatuluka mosalekeza pokwera chitunda galimoto italemedwa, ndiye maring'i. Utsi woyera wosatha, madzi a mu radiator n'kumachepa, ndi gasiketi ya hedi. Wakuda ndi petulo wochuluka, sukhudzana ndi oyilo.

Masulaninso mapulagi onse 4 muwandandalike motsatira masilinda. Oyilo akakhala kumtunda kwa pulagi, kumene kumalowa waya, ndi timphira ta m'kavala ya pamwamba basi. Kunsonga kukakhala makoko otuwa ngati phulusa louma, silinda imeneyo ikuotcha oyilo.

Compression, mphamvu ya kupanikiza mpweya m'masilinda, muyeze pambuyo, batire likakhala labwino, chifukwa sitata yofooka imapereka manambala otsika abodza. Injini ikhale yotentha, mapulagi onse atachoka, fyuzi ya EFI itazulidwa, pulagi ya distributor itazulidwa, phazi lili pansi pa mafuta. Muyezo wake ndi 13.5 kg/cm², wotsikitsitsa wololedwa 10, ndipo masilinda asasiyane kuposa 1. Silinda yotsika muithire kasupuni ka oyilo n'kuyezanso: ikakwera kwambiri ndi maring'i, ikapanda kusintha ndi mavavu kapena gasiketi. Dziwani kuti compression yabwino siitsimikizira kuti ring'i ya oyilo ili bwino. Pisitoni ili ndi maring'i atatu, awiri apamwamba ndi a compression, yachitatu ndi yopala oyilo. Yachitatuyo imatha kumatirira ndi makala timabowo take titatsekeka, apamwamba ali bwinobwino.

Zoti mavuto awiriwa akugwirizana, ayi. Alitaneta siidyetsa injini oyilo. Pomwe amakumana ndi pamene oyilo wodontha akulowa mu alitaneta n'kuononga mabulashi, koma zikatero moto umachepa. Pa ma Hilux a dizilo a 2L ndi 3L ndi pomwe zimachitika kwambiri, chifukwa pampu ya vacuum ili kumbuyo kwa alitaneta ndipo imayendera oyilo wa injini.

Wa_AE100_Salima

Zikomo kwambiri akuluakulu. Ndayeza monga munanenera. M'mawa batire linali pa 12.1V. Itatentha, pa marevu 2,000 panali 15.7V, pa 3,000 panafika 16.3V. Pa waya wa S panali 15.6V. Fyuzi ya ALT-S ndi yoyera.

Kavavu ka PCV sikakulira, kadzaza phala lakuda. Pansi pa distributor ndi ponyowa mpaka pa giyabokosi. Nditaisiya pa idle n'kuponda, utsi wabuluu unatuluka kamodzi n'kutha. Mapulagi onse ali ndi makoko otuwa pang'ono, palibe yoposa inzake. Batireli ndingalipulumutse?

Mayi_wa_maspeya

Bambo, manambala amenewo ndi a regyuleta, a zamagetsi atsimikiza okha. Ine ndingokuchenjezani pogula. Pa thupi la alitaneta pali kachikwangwani kokhala ndi nambala yoyamba ndi 27060, ijambuleni pa foni. Regyuleta ya Toyota nambala yake imayamba ndi 27700. Maalitaneta a Denso amafanana kwambiri maonekedwe, koma mapulagi amasiyana, ena ozungulira ena ophwatalala, ndipo ena pamalo pa S pali waya wa ntchito ina. Mukangogula poona kuti mabowo a masikuluu akugwirizana, mutha kubwera ndi yosatchaja kapena yoyatsa nyali ya batire pa dashibodi osazima. Chabwino n'kunyamula yakaleyo m'manja, kaya mukufuna konkuno kaya ku Biwi ku Lilongwe.

Maganizo anga, pa galimoto ya makilomita 280,000 ndi bwino kuyerekeza mtengo wa regyuleta ndi wa alitaneta yathunthu yochoka pa injini zobwera kuchokera ku Japan. Maregyuleta otchipa opanda dzina ambiri sapirira kutentha kwa kuno. Mukasankha yathunthu, aiyese pa galimoto ndi mita musanalipire, ndipo muzungulitse pulley ndi dzanja mumve ngati mabering'i sakukhuluza.

Maselo a mavavu musagule otchipa. Ntchito yoikayo ndi yaikulu kuposa mtengo wa maselowo, ndipo a mphira wamba amauma pasanathe nthawi.

Wamagetsi_Kaphatenga

Ndi regyuleta, achimwene. S ikuona 15.6V, batire 15.7V, waya alibe mlandu, ndipo moto ukutsatira marevu.

Mayi anena bwino za nambala. Pa za alitaneta yathunthu ndisiyana nawo pang'ono: yakale yobwera nayonso simudziwa yatsala ndi moyo wotani, pamene yanu mukaitsegula muona zonse ndi maso. Chotsani temino ya negetivi kaye, tsitsani alitaneta, masulani manati atatu a chivundikiro chakumbuyo ndi nati ya pa temino ya B, pomwe pamamangidwa waya wamkulu. Masikuluu 5 ndi amene agwira regyuleta ndi kanyumba ka mabulashi. Bulashi yatsopano imatulukira 10.5mm, malire ake ndi 1.5mm, koma poti mwatsegula kale ingosinthani ngati yadutsa theka.

Musanamange regyuleta yatsopano, yezani rotor, chozungulira cha m'kati mwa alitaneta. Pakati pa mikombero iwiri ya kopa pomwe pamakhudza mabulashi pazikhala pafupifupi 3 ohm. Ikatsika kwambiri, koyilo yachita shoti m'kati ndipo ipsereza regyuleta yatsopanoyo tsiku lomwelo. Pakati pa mkombero ndi shafti pasakhale kulumikizana kulikonse. Regyuleta ya Denso imalamulira moto podula mbali ya earth ya rotor, ndiye rotor ikadzipezera earth yokha, alitaneta imapereka moto wonse regyuleta ili chabwinobwino. Rotor ikalephera mayeso awiriwa, kapena mikomberoyo ikakhala yokumbika kwambiri, pamenepo tsatirani malangizo a mayi mugule yathunthu.

Batire lofufuma m'mbali musalidalire. Kutentha kwapinda mapuleti, ndipo zomatira pa mapuletizo zayoyokera pansi. Litha kukulizirani galimoto milungu ingapo, koma tsiku lina lidzachita shoti. Ligwiritseni ntchito poyesera alitaneta mukakonza, mukaona 13.5V mpaka 14.3V itatentha, magetsi ali ozima komanso ali oyaka, ndiye mugule lina la saizi yomwe ikukwana m'malo mwake, limangidwe lisamagwedezeke m'mabampu. Wokhala ndi hydrometer, choyezera madzi a m'batire, atha kukuyezerani chipinda chilichonse: chodzaza chimakhala cha m'ma 1.26, ndipo zipinda zikasiyana ndi 0.05 batire latha.

M'batire muzithira madzi a batire okha ogula m'botolo, afike pakati pa mizere iwiri ya pambali. Asidi musaonjezere, chimene chimauluka ndi madzi, asidi amatsala momwemo. Madzi a pamjigo, a pampopi kapena a m'nyanja ali ndi mchere womwe umapha mapuleti. Pomwe panakhala batire, pa matemino ndi pa bodi pomwe panagwera asidi, tsukani ndi soda wophikira therere uja, supuni imodzi m'kapu ya madzi, mpaka thovu lisiye, ndiye mutsukuluze ndi madzi. Zitsekerero zikhale zotseka kuti soda asalowe m'kati. Mukasiya asidiyo, chitsulo cha pansi pa batire chidzaboola ndipo mawaya odutsa pamenepo adzadyeka. Popita kokakonzetsa, yatsani magetsi akutsogolo ndi fani, marevu akhale otsika, kuti moto wina uzithera kumeneko.

Makaniko_KK

Zimene mwapezazo n'zolimbikitsa, injini isaphwasulidwe panopa. Sinthani kavavu ka PCV ndi kamphira kake, mutsuke kapaipi. Sinthani kamphira ka distributor, koma musanaizule lembani chizindikiro pa thupi lake ndi pa hedi kuti timing isasokonekere. Thirani oyilo watsopano ndi fyuluta, muyende makilomita 1,000 mukulemba mmene akutsikira. Nthawi zambiri apa pokha kudya kumachepa moonekeratu.

Akapitirira kutha, ndiye maselo a mavavu, onse 16. Hedi siifunika kuchoka. Pisitoni amaitsitsa, kulowetsa chingwe chofewa pa bowo la pulagi, n'kuikweza ndi dzanja kuti chingwecho chigwire mavavu asagwere m'kati, kapena kugwiritsa ntchito mpweya wa kompuresa. Amene akugwira ntchitoyo adziwe zinthu ziwiri. Giya ya camshaft ya intake ili pawiri, ili ndi sipuling'i pakati, ndipo imafunika kuimanga ndi bauti ya 6mm asanaichotse, apo ayi pobwezera injini imalira kwambiri. Komanso timakapu ndi mashimu a pa vavu iliyonse asasakanizidwe, chilichonse chibwerere pomwe chinachoka. Maselo a intake ndi a ekizozi ndi osiyana. Sipuling'i ikachoka, agwedeze mwendo wa vavu: ukamasewera kwambiri ndiye kuti guide, kapaipi koyendamo mwendowo, yatha, selo yatsopano sikhalitsa, hedi iyenera kupita ku makina. Poti lamba wa timing achoka, ikani watsopano ngati wayandikira makilomita 100,000, pamodzi ndi maselo a camshaft ndi crankshaft.

Pa injini ya msinkhu uwu komanso kutentha kwa Salima ndi Nkhotakota, 20W-50 ndi woyenera, wa m'botolo lomata, osati wopungulira wa m'mbali mwa msewu. Kuthira woonjezera sikulowa m'malo mwa sevesi, zinyalala zimatsala momwemo, ndiye muzisinthabe pa makilomita 5,000 aliwonse. Mankhwala oletsa utsi amangolimbitsa oyilo, ndipo m'mawa amachedwa kufika pamwamba pa camshaft. Sindikulimbikitsani.

Onaninso fyuluta ya mpweya ndi chipaipi chochoka pa fyuluta kupita ku injini. Chikang'ambika m'makwinya ake, fumbi la m'misewu yathu yadothi limalowa osasefedwa n'kumapala masilinda ndi maring'i. Ngati thermostat inachotsedwa, ibwezereni, ndipo mutsimikize kuti fani ya radiator ikuyaka yokha injini ikatentha. Maring'i tidzawaganizire pokhapokha compression ikatsika kufika cha m'ma 10, kapena oyilo akamathabe lita pa makilomita osakwana 1,000 maselo atasinthidwa. Mukayeza compression mutilembere manambala a masilinda onse 4, owuma ndi othira oyilo.